KUTHAMANGA SIKUFIKA: MAU KWA AMENE AKUFUNA KUYAMBIRANSO LIWIRO

Chaka chilichonse mvula ikangoyamba kugwa, mabwalo a masewera a kuno ku Malomo ndi m'midzi yozungulira amamera udzu. Anyamata amene ankathamanga m'mamawa amakhala ali kumunda ndi khasu, atsikana a mpira wamanja ali pa kalikiliki wa kubzala ndi kupalira, ndipo kwa alimi a fodya ntchito imapitirira mpaka kuthyola, kusoka ndi kusankha masamba m'zigafa. Pofika mwezi wa Meyi kapena Juni, chimanga, mtedza ndi soya zitalowa m'nkhokwe ndi m'matumba, masewera amayambanso. Pamenepo ambiri amafuna kubwerera pa liwiro lao lakale tsiku limodzi lokha.

Alipo enanso amene sadaleke kaamba ka ulimi. Wina adagona ndi malungo, wina adathyoka mwendo pa njinga yamoto, wina ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu, winanso ndi mai amene wangochira kumene. Palinso bambo wa zaka 40 amene kusukulu ankapambana anzake onse pa mpikisano, koma tsopano papita zaka 20 osathamangako, ndipo kuchipatala amuuza kuti thupi lake likufuna masewera. Anthu onsewa amakumana ndi chinthu chimodzi. Tsiku loyamba phuma limawatha asadafike patali. Tsiku lachiwiri miyendo imauma gwa, kukhala pansi kovuta, kuimirira kovutanso. Tsiku lachitatu amagwa ulesi nanena kuti, "Ine zanga zidatha."

Ife tikuti sizidathe. Chimene chimagwetsa anthu ambiri pa kuyambiranso ndi chikumbukiro cha mmene adalili kale, pamodzi ndi manyazi pamaso pa anthu amene akuwaona. Ziwirizi zimamkakamiza munthu kuthamanga ndi thupi la chaka chatha, pamene thupi limene ali nalo ndi la lero. Wofuna kubwerera ayenera kuvomera kuyambira pansi, ndipo mudzi uyenera kumlola kutero osamseka. Makolo adanena kale kuti kuthamanga sikufika.

KODI MLIMI ATHAMANGIRENJI?

Ena mwa owerenga athu afunsa kuti, "Ife timalima, timatunga madzi, timasenza nkhuni ndi kukwera zitunda tsiku ndi tsiku. Tithamangirenji?" Funsoli ndi lanzeru. Kulima ndi khasu ndi ntchito yolimbitsa thupi ndithu, ndipo mai amene amayenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu sangatchedwe waulesi. Sitikunena kuti aliyense ayenera kuthamanga. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga ndi kuvina nazonso zimathandiza mtima.

Komabe moyo wasintha. Pa Malomo lero pali ogulitsa m'magolosale amene amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, atelala, aphunzitsi, akalaliki ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Mtunda umene kale tinkayenda pansi, lero timakwera. Ngakhale mlimi weniweni amakhala ndi miyezi ya chilimwe imene ntchito imachepa. Pa kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2009, kudapezeka kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malaŵi muno, mmodzi adali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Nthendayi siisankha wa m'tauni yekha. Imapha mwakachetechete, kapena kumsiya munthu atafa ziwalo, banja n'kumavutika kumsamala.

Bungwe lomwelo la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera kapena ntchito yotulutsa thukuta pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena yolemetsa monga kuthamanga kwa mphindi zosachepera 75. Kuthamanga kuli ndi ubwino wakuti sikulira ndalama, sikulira bwalo, ndipo si kwachilendo pakati pathu. Dziko lathu lidatumiza othamanga ku masewera a Olimpiki koyamba m'chaka cha 1972 ku Munich. Catherine Chikwakwa adabweretsa mendulo ya siliva kuchokera ku mpikisano wa achinyamata a dziko lonse m'chaka cha 2004, atathamanga mamita 5,000. Ku Mulanje kuli mpikisano wotchuka wokwera ndi kutsika phiri, umene udayamba ndi anyamata onyamula katundu wa alendo. Nanga ife a ku mapiri a Ntchisi ndi Dowa tilekerenji?

CHIMENE CHIMACHITIKA M'THUPI TIKALEKA

Thupi la munthu silisunga chinthu chimene sichikugwira ntchito. Munthu akamathamanga kawirikawiri, magazi ake amachuluka, mtima umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndipo minofu imaphunzira kugwiritsa ntchito bwino mpweya umene magazi abweretsa. Akaleka, zonsezi zimayamba kubwerera m'mbuyo pa masabata owerengeka chabe. Madzi a m'magazi amachepa, motero mtima umayenera kugunda mofulumira kuti ugwire ntchito yomwe ija. Ichi ndicho chifukwa chake chitunda chimene munkakwera mukucheza, lero chikukuchititsani befu.

Madokotala a mumzinda wa Dallas ku America adayesa zimenezi m'chaka cha 1966. Adatenga anyamata 5 athanzi, a zaka 20, nawagoneka pabedi masabata 3 osadzuka. Atawayesa, adapeza kuti mphamvu ya thupi lao yogwiritsa ntchito mpweya idatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 4, kapena kupitirira pang'ono. Anyamatawo sadali odwala. Kugona kokhako ndiko kudawafooketsa chotero. Patapita zaka 30, m'chaka cha 1996, madokotala adawaitananso amuna omwewo ali ndi zaka za m'ma 50. Chodabwitsa n'chakuti zaka 30 za kukula sizidawafooketse monga adawafooketsera masabata 3 a pabedi aja.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yolimbitsa mtima. Atadzuka pabedi paja, anyamatawo adachita masewera masabata 8 ndipo mphamvu zao zidabwerera, mpaka kupitirira pamene zidali poyamba. Pamene adakula, adawapatsanso masewera a miyezi 6, oyamba pang'ono ndi kumawonjezera, ndipo mphamvu yao idakafika pamene idali asadagonekedwe pabedi ali anyamata. Tiphunzirepo ziwiri. Choyamba, ngati mwagona ndi matenda sabata imodzi kapena awiri, kufooka kumene mukukumva n'koona, si ulesi ai. Chachiwiri, chimene chidatayika chimabwerera, koma chimabwerera pa masabata ndi miyezi.

MTIMA UMAFULUMIRA, MAFUPA AMACHEDWA

Pali msampha umene umakola anthu ambiri pa sabata yachitatu kapena yachinai. Ziwalo za thupi sizilimba pa nthawi imodzi. Mtima ndi minofu zimazolowera msanga, kotero kuti munthu amayamba kumva kupepuka ndi kuganiza kuti wabwerera mwakale. Koma mafupa, mfundo za m'mawondo ndi akakolo, ndiponso minyewa imene imalumikiza minofu ku mafupa, zimatenga nthawi yaitali kuti zilimbe. Pothamanga, phazi lililonse likaponda pansi limalandira kulemera koposa kawiri kulemera kwa thupi lonse. Munthu akawonjezera mtunda msanga chifukwa phuma lamlola, amayamba kumva kupweteka pa msongolo, pa bondo kapena pa mtsempha wa kuchidendene. Akaumirira, fupa likhoza kuchita mng'alu, ndipo amakhalanso miyezi ina osathamanga.

Alimi nawonso asanyengeke. Khasu limalimbitsa msana, mapewa ndi mikono, ndipo limasunga mtima wamphamvu. Koma silizoloweza miyendo kudumpha ndi kutembenuka mwadzidzidzi monga zimachitikira pa mpira. N'chifukwa chake masewera oyamba akatha kukolola amabweretsa anyamata ambiri opweteka ntchafu ndi obinya akakolo.

Anthu okonda masewera amasimba za Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene adapambana mpikisano wa makilomita 42 ku Rome m'chaka cha 1960 wopanda nsapato, napambananso ku Tokyo m'chaka cha 1964 patangotha masabata osakwana 6 chimchitireni opaleshoni ya m'mimba. Izi zidachitikadi. Koma tikumbukire kuti iyeyu adali msilikali amene adakhala akuthamanga zaka zambiri, ali ndi mphunzitsi ndi madokotala pambali pake. Tikumbukirenso kuti m'chaka cha 1968 ku Mexico adalowa mpikisano fupa la mwendo wake litavulala, ndipo adalekera panjira asadafike ndi pakati pomwe. Fupa silimva kutchuka kwa munthu. Ngati lidamkaniza katswiri wotere, inu ndi ine silingatichitire chifundo.

YAMBANI MWAFIKA KUCHIPATALA

Safunsa adadya phula. Alipo anthu amene sayenera kuyambiranso kuthamanga asadaonane ndi a chipatala, ndipo popeza inu mukuwerenga muli kale pamzere, funsani lero lomwe.

Oyamba ndi amene angodwala malungo. Tizilombo ta malungo timaswa maselo ofiira a magazi, amene amanyamula mpweya kupita nao m'minofu. Kutentha thupi kukatha, magazi amakhala asadabwerere mwakale, ndipo pamatenga masabata angapo. Malizani mankhwala onse monga mwauzidwira. Ngati m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope muli motuwa, kapena mukumva chizungulire mukaimirira, pemphani kuti akuyeseni magazi. Likodzo ndi njoka za m'mimba nazonso zimachepetsa magazi, ndipo mankhwala ake alipo. Lamulo losasintha ndi ili: munthu amene thupi likutentha asathamange. Kutulutsa thukuta sikuchotsa malungo kapena chimfine, koma kumalemetsa mtima umene uli kale pa nkhondo.

Achiwiri ndi amene ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ya shuga, ya mtima kapena mphumu, pamodzi ndi onse amene apitirira zaka 40 ndipo papita nthawi yaitali osachita masewera. Kuyezetsa kuthamanga kwa magazi kumatenga mphindi zochepa ndipo sikupweteka. Masewera amathandiza kwambiri pa matendawa, koma salowa m'malo mwa mankhwala. Musasiye kumwa mankhwala chifukwa mwayamba kuthamanga. Wodwala shuga asathamange ndi njala, ayende ndi kanthu kotsekemera m'thumba, ndipo aziona mapazi ake tsiku lililonse ngati pali chilonda.

Achitatu ndi amene ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu, amene kawirikawiri amamwedwa miyezi 6. Iwowa ayambe ndi kuyenda, ndipo a chipatala ndiwo anene nthawi yowonjezera. Amene akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo akupeza bwino akhoza kuthamanga monga wina aliyense. Amene adathyoka fupa kapena kuchitidwa opaleshoni adikire mau a dokotala, ngakhale chilonda chakunja chitaoneka kuti chapola.

AMAI AMENE ANGOCHIRA

Atsikana ambiri amene ankathamanga kapena kusewera mpira wamanja amalekeratu akangobereka mwana woyamba, ngati kuti uchembere ndi masewera siziyendera limodzi. Maganizo amenewa tiwasiye. Faith Kipyegon wa ku Kenya adapambana mendulo ya golide pa mamita 1,500 ku Rio de Janeiro m'chaka cha 2016. Adabereka mwana m'chaka cha 2018, ndipo padapita chaka chathunthu asadalowenso mpikisano. Atabwerera adapambananso golide ku Tokyo m'chaka cha 2021 ndi ku Paris m'chaka cha 2024. Chimene tikufuna kuti muone pa nkhani yake ndi chaka chimene adadikira chija.

Pathupi pamafewetsa minyewa ya m'chiuno ndi kutambasula minofu ya pamimba, ndipo kubereka kumataya magazi. Mai apite kusikelo pa masiku onse amene wauzidwa, kuphatikizapo ulendo wa pa masabata 6. Kuyenda pang'onopang'ono akhoza kuyamba msanga, koma akatswiri ambiri amalangiza kuti kuthamanga kudikire miyezi itatu, ndipo kwa amene adachira ndi opaleshoni, dokotala ndiye anene. Ngati mkodzo ukutuluka wokha pothamanga kapena potsokomola, ngati mukumva kulemera kunsi kwa mimba, kapena magazi ayambanso kutuluka, lekani ndipo kauzeni anamwino. Zimenezi zimachitikira amai ambiri ndipo chithandizo chake chilipo, motero palibe chochitira manyazi. Kuthamanga sikuononga mkaka wa m'mawere. Chofunika n'chakuti mai adye mokwanira ndi kumwa madzi ambiri. Abambo, gwirani mwana kwa theka la ora kuti mai ake apeze mpata.

NJIRA YOYAMBIRANSO

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Njira imene tikupereka panoyi ndi ya munthu amene wakhala miyezi iwiri kapena kupitirira osathamanga. Sankhani masiku atatu pa sabata, osatsatizana, monga Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka. Tsiku lopuma lili ndi ntchito yake, pakuti ndi pamene thupi limakonza ndi kulimbitsa zimene zagwedezeka.

Pa masabata awiri oyamba musathamange konse. Yendani ndawala mphindi 20 mpaka 30, mikono ikugwedezeka, mpaka thukuta lionekere. Pa sabata yachitatu ndi yachinai, yambani ndi kuyenda mphindi 5, kenaka thamangani mopepuka mphindi imodzi ndi kuyenda mphindi ziwiri, mobwereza kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu. Pa sabata yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, thamangani mphindi zitatu ndi kuyenda mphindi imodzi kapena ziwiri. Pofika sabata ya 7 ndi ya 8, ambiri amatha kuthamanga mphindi 10, kupuma poyenda, ndi kuthamanganso mphindi 10. Ngati sabata ina yakulemerani, ibwerezeni. Palibe amene akukulembani mayeso.

Amene alibe wotchi kapena foni asade nkhawa. Gwiritsani ntchito zizindikiro za panjira: kuthamanga kuchokera pa mjigo kufika pa mtengo wa mango, kuyenda kuchokera pamenepo kufika pa tchalitchi. Muyeso wa liwiro uli pakamwa panu. Ngati mungathe kulankhula ndi mnzanu chiganizo chathunthu mukuthamanga, liwirolo ndi loyenera. Ngati mau akuduka, mwafulumira. Musawonjezere mtunda ndi liwiro pa sabata imodzi; yambani mwatalikitsa mtunda, liwiro lidzabwera lokha.

Atsogoleri a matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja, ndiponso aphunzitsi a masewera m'sukulu, aitane osewera ao masabata 4 kapena 6 mpikisano usadayambe. Kutenga mnyamata kuchokera m'chigafa Lachisanu ndi kumuika m'bwalo Loweruka kwa mphindi 90 ndi kumpereka ku ngozi. Chimodzimodzinso achinyamata amene akufuna kukayesa mwai wa usilikali kapena upolisi, kumene mphamvu za thupi zimayesedwa: yambani kukonzekera miyezi ingapo nthawi isadakwane, chifukwa sabata imodzi ya kudzizunza singakupatseni chimene miyezi itatu ikadakupatsani.

ZITUNDA, MISEU NDI NSAPATO

Dera lathu ndi la zitunda, ndipo kumapiri a Ntchisi ndi Dowa malo athyathyathya ndi osowa. Ambiri amaopa chikweza, koma chimene chimapweteka miyendo kwambiri ndi chitsikira, chifukwa minofu ya ntchafu imagwira ntchito ngati mabuleki ndipo mawondo amalandira kulemera konse. Pa mwezi woyamba funani bwalo la sukulu kapena njira ya m'mbali mwa dambo. Mukakumana ndi chitunda, kwerani poyenda ndipo tsikani poyenda.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri m'mamawa, choncho yambani ndi kuyenda kufikira thupi litafunda. Mu Okutobala ndi Novembala pewani dzuwa la masana; thamangani kukangocha kapena madzulo, ndipo imwani madzi aukhondo musadanyamuke ndiponso mukabwerako. Pa mseu waukulu wa Kasungu ndi Nkhotakota, kapena wopita ku boma la Ntchisi, thamangani ku dzanja lamanja kuti muziona galimoto ndi njinga zamoto zimene zikubwera kutsogolo kwanu, ndipo valani malaya owala. Musathamange mumdima muli nokha, kuopa njoka, agalu ndi maenje, ndiponso kuopa kuti anthu angakuyeseni wakuba.

Nsapato za mtengo wapatali sizofunika. Za pa kaunjika zimakwanira, malinga zikhale zofewa kunsi, zosathina, ndipo zala zizipeza malo. Mapatapata ndi oterera, musathamange nao. Amene adazolowera kuyenda opanda nsapato adziwe kuti njoka zina za m'mimba zimalowera pakhungu la kumapazi m'dothi loipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo odwala shuga asayerekeze n'komwe kuthamanga chosavala.

KUSIYANITSA ULULU NDI ULULU

Kuuma kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira, n'kukula pa tsiku lachiwiri, kenaka n'kuzilala pofika lachitatu kapena lachinai, n'kwachibadwa. Kumagwira miyendo yonse iwiri mofanana ndipo kumachepa mukayenda pang'ono. Kumeneku kusakubwezeni m'mbuyo. Ululu woopsa ndi umene uli pa malo amodzi oti mungaloze ndi chala, umene ukukula pamene mukuthamanga, umene ukukutsimphinitsani, kapena wobwera ndi kutupa. Ukatero pumani masiku angapo, ndipo ukapanda kusintha pitani kuchipatala. Kumwa mankhwala opha ululu kuti mupitirize kuthamanga kuli ngati kutseka pakamwa mlonda amene akukuuzani kuti nyumba ikupsa. Kutema mphini pa bondo lotupa nakonso sikuchiza, koma kumatsegulira njira matenda ena.

Zizindikiro izi zikaoneka, imani pomwepo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, makamaka kofalikira ku mkono kapena ku chibwano, chizungulire kapena kukomoka, mtima kugunda modumphadumpha, kubanika kumene sikukutha ngakhale mwapuma, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kutupa mapazi onse awiri, ndi kutsokomola magazi.

CHAKUDYA

Thupi limamangidwa ndi chimene tadya. Nsima yokha ndi ndiwo zamasamba pang'ono sizikwanira munthu amene akuchira komanso akuthamanga. Mwai wathu ndi wakuti dera lino limalima mtedza, soya ndi nyemba zambiri. Tisagulitse zonse kwa mavenda. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nyemba, mazira, usipa kapena matemba, bonongwe, chisoso ndi nkhwani zotendera, pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje ndi mapapaya, zimathandiza kubwezeretsa magazi ndi kumanga minofu. Kumbukirani magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. Chepetsani mchere. Kachasu ndi fodya zimabweza m'mbuyo ntchito yonse imene mwagwira, ndipo zakumwa za m'mabotolo zimene amati zimapatsa mphamvu sizingalowe m'malo mwa chakudya ndi madzi.

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka ndipo ntchito ya kumunda ili pachimake, si nzeru kuumiriza thupi. Ngati chakudya chilipo, kuthamanga mopepuka kamodzi pa sabata kumasunga miyendo kuti isaiwaliretu. Ngati palibe, dikirani masika mopanda kudziimba mlandu.

MANYAZI NDI MASO A ANTHU

Malangizo onsewa ndi osavuta kuwamva. Chovuta ndi kuwatsata anthu akuona. Mnyamata amene mudzi wonse umamdziwa kuti ndi mphepo pa liwiro amaona ngati chipongwe kuti aoneke akuyenda ndawala pamene ana asukulu akumdutsa. Bambo wamkulu akavala kabudula, a pa bawo amamfunsa chimene chikumthamangitsa. Mai akathamanga, ena amanong'onezana kuti wayamba matama, kapena akufuna kuoneka ngati mtsikana. Mau oterewa amaoneka ngati nthabwala, koma zipatso zake ndi ziwiri ndipo zonse n'zowawa. Wina amathamanga mopitirira muyeso kuti atseke anthu pakamwa, navulala. Wina amabwerera m'nyumba osadzatulukanso, ndipo tidzakumana naye patapita zaka ali pamzere wa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Tsono udindo uli pa tonse. Munthu amene wadzuka pa mphasa ya matenda nayamba kuyenda kuzungulira bwalo akuchita chinthu chofuna kulimba mtima, ndipo ayenera kulonjeredwa mwaulemu. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi aphunzitsi angathandize kwambiri pongonena poyera kuti masewera ndi a aliyense, wamng'ono ndi wamkulu, mwamuna ndi mkazi. Mutu umodzi susenza denga: anthu atatu kapena anai akapangana tsiku ndi malo, kuseka kwa anthu kumachepa mphamvu, ndipo ulesi wa m'mawa wa chisanu umagonja chifukwa mnzako akukudikira panja. Gulu lotere liyendere liwiro la amene ali wofooka koposa onse.

Kwa inu amene mukuyambiranso, lekani kudziyerekeza ndi munthu amene mudali zaka zapitazo. Dziyerekezeni ndi mmene mudalili sabata yatha. Lembani kuseri kwa kope masiku amene mwatuluka ndi mphindi zimene mwatha, ndipo pakutha pa mwezi mudzaona ndi maso anu kuti mukukwera. Dziwaninso kuti mudzalekanso. Mvula idzagwa, maliro adzachitika, malungo adzabwera, mwana wina adzabadwa. Umu ndi mmene moyo wa kumudzi ulili, ndipo wothamanga wa zaka zambiri ndi amene adaphunzira kuyambiranso nthawi iliyonse popanda kudzinyoza.

Musadachoke pa chipatala lero, pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi kulemera kwa thupi, ndipo zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Auzeni a chipatala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti mukufuna kuyambiranso masewera, ndipo mumve malangizo ao. Mukatero pezani mnzanu mmodzi, sankhani masiku anu atatu, ndipo mawa m'mawa muyambe ndi kuyenda mphindi 20. Pakatha miyezi itatu mudzabwerenso ndi kabuku komweko kuti mudzayezedwenso.